Zakumtundu Musamabise: Mawu kwa Adzukulu Anga pa za Chotupa cha mu Impso

Adzukulu anga, inu amene mukukulira ku Ntaja, ku Nsanama, ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Phalula ndi m'midzi yonse ya Machinga ndi Balaka, khalani pansi ndikuuzeni nkhani imene ife akuluakulu timaizemba. Ankhoswe akakumana kuti amange banja la ana, amafunsa ngati mnyamata amagwira khasu, ngati samwa, ngati amaonekera kumzikiti kapena kutchalitchi. Za matenda akumtundu kwawo sitifunsa, ndipo za kwathu timazikwirira poopa kuti mwana wathu angasowe banja. Ine ndine mwinimbumba, ndakalamba ndikugona pakhonde la chipatala kudwazika abale, ndipo ndaona ndi maso angawa kuti kubisa kumapweteka kuposa kunena. Ndikamba za nthenda imodzi yokha, chotupa cha mu impso chimene si khansa, chifukwa ndi imene inalowa m'nyumba mwathu.

Munthu ali ndi impso ziwiri, kumsana pansi pa nthiti, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse kukula kwake ngati chibakera cha mwiniwake. Ntchito yake ndi kusefa magazi, kutaya zoipa mu mkodzo, ndi kuongolera madzi, mchere ndi kuthamanga kwa magazi m'thupi. Impso sidandaula msanga. Chotupa chikhoza kumera m'menemo n'kukula zaka zambiri munthu akulima, akubereka, akutchova njinga, osamva kanthu. Chotupa chimene ndikunenachi madokotala amachitcha angiomyolipoma. Chimapangidwa ndi zinthu zitatu zosakanikirana: mitsempha ya magazi, minofu ndi mafuta. Sichiyenda kukamera kumapapo kapena kuchiwindi monga imachitira khansa, n'chifukwa chake adokotala amati si choopsa. Koma mawu amenewa muwamve bwino. Mitsempha ya m'chotupachi ndi yopindikapindika, makoma ake ndi ofooka, ndipo chotupa chikakula, makamaka chikapitirira masentimita 4, mtsempha ukhoza kuphulika magazi n'kumatayikira m'kati.

Ndi zimene zinamuchitikira mlongo wanga wamng'ono. Iyeyu kuyambira ali mwana wa sukulu anali ndi timatuza tolimba pamphuno ndi m'masaya, tofiirira, tondondozana mbali zonse ziwiri za nkhope. Tonse tinkati ndi ziphuphu. Anadzola mafuta osiyanasiyana, anapaka zitsamba, koma timatuzato sitinkaphulika, sitinkatuluka mafinya, ndiponso sitinkatha. Anakula bwinobwino, anaphunzira, anakwatiwa. Tsiku lina ali ndi pakati, akupopa madzi pamjigo, anamva ngati wina wamubaya m'nthiti chakumsana. Anakhala pansi pamatope pomwepo. Thukuta lozizira linali kamukamu pankhope, zikhatho zitayera, milomo itauma, akupempha madzi. Magazi sanatuluke paliponse, ndiye amayi amene anali pamjigopo anati si za mimba ayi, wina wamulasa. Tinamunyamula panjinga, ambulansi inamutenga kuchipatala chaching'ono kupita naye kuchachikulu, anamuika magazi, ndipo usiku womwewo anamuchita opaleshoni n'kuchotsa impso imodzi. Iye anapulumuka. Mwana anali m'mimbayo sanapulumuke.

Mlongo wanga asanatuluke n'komwe m'chipatala, kumudzi mlandu unali utaweruzidwa kale. Anthu analoza chala gogo wina wa mbumba yathu yomwe, nkhalamba yosaona bwino, yoti ngakhale nkhuni inkachita kutoleredwa. Anati ndi yemweyonso amene anagwetsa khunyu mwana woyamba wa mlongo wangayo. Gogoyo anatsala yekha m'nyumba, ana ataletsedwa kumupatsira moto.

Amene anamasula nkhaniyi ndi dokotala wina amene anabwera m'wodi m'mawa. Ataona chithunzi cha impso yotsalayo, momwenso munali tizotupa tingapo, sanafulumire kulemba. Anayang'ana nkhope ya mlongo wanga kwa nthawi. Anamuvula nsapato n'kuona zala za kuphazi, pomwe panali tinyama tating'ono totulukira m'mphepete mwa zikhadabo. Anamutembenuza n'kupeza pamsana, chakumunsi, chigamba cha khungu lokhakhala. Kenaka anandifunsa ine: "Bambo, kwanu alipo wodwala khunyu? Alipo mwana wa mawanga oyera? Alipo wina amene zikhadabo zake zili chonchi?" Mwana wa khunyu analipo, ndipo mawanga oyera anali nawo pamsana ndi pantchafu chibadwire. Za zikhadabozo ndinakumbukira malemu bambo athu, amene ankadandaula kuti nsapato zimawapweteka chifukwa cha tinyama tomweto. Nthenda inachokera kwa bambo, mkamwini wochokera kutali, munthu amene pa mwambo wathu sitimuwerengera n'komwe kuti ndi wa mtundu wathu.

Mfundo imeneyi igwireni, inu ana a Chiyao, a Chilomwe, a Chichewa, amene mumawerengera ubale kuchikazi. Mwambo umati mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo pa za malo, ufumu ndi maliro zimenezo zili bwino. Koma thupi silitsata mwambo. Munthu aliyense anapangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa selo muli malangizo a kapangidwe ka thupi, otchedwa DNA, omangidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Timitolo 23 timachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Palibe mbali imene imaposa inzake. Mukamafufuza za kumtundu n'kulekera kwa agogo akuchikazi okha, mwafufuza theka.

Nthenda ya m'banja mwathuyi dzina lake ndi tuberous sclerosis. Anaifotokoza bwino koyamba ndi dokotala wa ku Paris, Désiré-Magloire Bourneville, mu 1880, atapima thupi la mtsikana wa khunyu amene anamwalira, n'kupeza timibulu tolimba muubongo ndi zotupa mu impso zonse ziwiri. Panapita zaka zoposa 100 anthu asanadziwe gwero lake. Mu 1993 akatswiri anapeza kachidutswa ka DNA pa kromozomu 16 kamene anakatcha TSC2, ndipo mu 1997 anapeza kanzake pa kromozomu 9, TSC1. Tizidutswa tiwiriti timapanga mapuloteni awiri ogwirira ntchito limodzi, hamartin ndi tuberin, ndipo ntchito yawo ndi kuuza selo kuti basi, wakula pokwana, usachulukanenso. Lamulo limeneli likasowa, maselo amangokula n'kumaunjikana mpaka kukhala chotupa.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ena amakhala ndi chotupa chimodzi pomwe ena amakhala nazo zambiri, taganizirani wakabaza akutsika mtsetse wa pa Machinga kulowera ku Liwonde, atanyamula thumba la chimanga. Njinga ili ndi mabuleki awiri, a kutsogolo ndi a kumbuyo. Imodzi ikaduka, inayo imagwirabe. Selo nayonso ili ndi makope awiri a kachidutswa kalikonse, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Munthu wobadwa ndi makope onse abwino, kuti chotupa chimere pamafunika kuti onse awiri aonongeke mu selo imodzi yomweyo, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Zikachitika, chotupa chimakhala chimodzi, mu impso imodzi, munthu atakula kale, kawirikawiri mayi wa zaka zapakati, ndipo ana ake satengera chifukwa kuonongekako kuli mu impso mokha. Zotupa zambiri za mtundu umenewu, pafupifupi zinayi mwa zisanu zilizonse, zimabwera motere. Koma munthu ngati mlongo wanga anabadwa buleki imodzi ili yoduka kale m'maselo onse a thupi lake. Yotsalayo ikangoduka paliponse, pamenepo pamamera kanthu: pankhope, m'zikhadabo, muubongo, mumtima, m'mapapo, ndipo mu impso zonse ziwiri, munthu akadali wachinyamata. Mwa anthu a nthendayi, ambiri ndithu, cha m'ma 7 kapena 8 mwa 10 alionse, amadzakhala ndi zotupa za mu impso akamakula.

Tsono za kutengera. Kholo limodzi likakhala ndi nthendayi, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, mwana aliyense wobadwa ali ndi mwayi wofanana wotengera kapena kusatengera, theka ndi theka. Mimba iliyonse imayambira pomwepo. Musanamizidwe kuti poti woyamba anatengera ndiye wachiwiri apulumuka, kapena kuti nthenda imasankha ana aamuna okha. Ine ndi mlongo wanga ndife a bambo mmodzi, iye anatengera, ine anandijambula n'kupeza impso zanga zili bwino, khungu langa lilibe chizindikiro. Mwana amene sanatengere sangapatsirenso ana ake. Chovuta n'chakuti nthendayi sibwera mofanana. Bambo athu anafa ali nkhalamba, vuto lawo linali nsapato basi. Mwana wawo anataya impso. Mdzukulu wawo anayamba kugwa khunyu asanayambe kuyenda. Nthenda imodzi yomweyo, m'mibadwo itatu, ndipo munthu wosadziwa sangaganize kuti zitatuzi n'zogwirizana.

Palinso china chimene ndikufuna amuna achichepere amve asanakweze mawu pa akazi awo. Mwa anthu atatu alionse a nthendayi, awiri makolo awo alibe. Kachidutswa kaja kamaonongeka kokha pa nthawi imene mwana akupangika, popanda amene walakwa. Si kuti mayi anadya chosayenera, si kuti anayenda njira, si kuti bambo anaphwanya mwambo wa mdulo, si kuti wina anakhwimira ana ake kuti alemere. Ndaonapo mabanja akutha chifukwa mwamuna wati "kwathu kulibe zimenezi." Mwina n'zoona kuti kwanu kulibe, ndipo kwa mkazi wanu kulibenso, koma mwanayo ndi wanu nonse. Ife a ku Machinga tikudziwa kumene umbuli wa zakumtundu umafikitsa anthu. Tinaona zimene abale athu achialubino anakumana nazo m'zaka za m'ma 2015 ndi 2016, kusakidwa ngati nyama, pomwe khungu lawo limangochokera ku tizidutswa ta DNA timene bambo ndi mayi onse awiri anapereka. Pa chialubino ndi pa nthenda ya sickle cell pamafunika makolo onse awiri, n'chifukwa chake maukwati a pachisuweni amachulukitsa mwayi wake. Pa nthenda ya kwathuyi kholo limodzi likwanira, kapenanso popanda kholo n'komwe. Ndipo dziwani kuti lamulo la dziko lino, la mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Gogo wathu uja tinakamupepesa pamaso pa amfumu, koma miyezi imene anakhala yekha palibe amene anamubwezera.

Mwina mukuti nthenda yosowa chonchi ikutikhudza bwanji. M'maiko momwe anawerenga, mwana mmodzi mwa ana 6,000 mpaka 10,000 obadwa amakhala nayo, ndipo sisankha mtundu wa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka. Werengani nokha, mupeza kuti m'maboma awiriwa mukhoza kukhala anthu oposa 100 otere. Ambiri a iwo akudziwika kumudzi ngati wakhunyu uja, waziphuphu uja, kapena mwana wolodzedwa uja, ndipo impso zawo palibe anaziyang'anapo.

Kuyeza DNA si chinthu chimene mungachipeze pachipatala cha kwanu, ndipo n'kodula. Koma nthendayi ili ndi ubwino umodzi: imadzilemba pakhungu, pomwe mayi aliyense wosambitsa mwana angaone. Pa khungu lakuda ngati lathu mawanga oyera amaoneka msanga. Amakhala osongoka ngati tsamba, mwana amabadwa nawo kapena amaoneka m'miyezi yoyambirira, sayabwa, sasupuka, ndipo ukawatsina mwana amamva. Apa ndiye asiyana ndi zipere, zimene zimayabwa n'kumafalikira, asiyananso ndi khate, limene banga lake limachita dzanzi. Banga limodzi si nkhani, ana ambiri abwinobwino ali nalo. Akakhala atatu kapena kuposa, kaonetseni kusikelo. Timatuza ta pankhope timayamba mwana ali wamng'ono, asanafike msinkhu wa ziphuphu, ndipo timachuluka akatha msinkhu. Tinyama ta m'zikhadabo timabwera mochedwa, munthu atakula.

Chizindikiro chimene chimandiwawa mtima kwambiri, chifukwa timachiphonya, ndi cha makanda. Khanda la miyezi ingapo, makamaka likangodzuka kutulo, limagwetsa mutu mwadzidzidzi, mikono n'kutambasuka kapena kupindikira kutsogolo, miyendo n'kukwinyika, kamphindi kochepa chabe, kenaka n'kubwerezanso kangapo motsatizana. Likatero limalira. Agogo amati ndi cham'mimba, ena amati ladzidzimuka, ena amalimangira kachingwe m'chiuno. Umenewo ndi mtundu wa khunyu, ndipo ukachedwa kuthandizidwa umabweza m'mbuyo nzeru za mwana: amaleka kumwetulira, amaleka kutsata nkhope ya mayi ake. Inu muli ndi mafoni. Jambulani kanema wa zimene khandalo likuchita mukamuonetse dokotala, chifukwa pamzere wa kuchipatala mwana sangachite pa nthawi imene mukufuna. Si khunyu lililonse limene limachokera ku nthendayi ayi. Kuno kwathu lambiri limabwera ndi malungo a muubongo, kuvutika pobadwa, matenda oumitsa khosi kapena kuvulala m'mutu. Koma khunyu likakumana ndi mawanga oyera mwa mwana mmodzi, pemphani kuti amuonenso impso.

Za wakhunyu ndinene mwachidule, poti mumazimva kawirikawiri koma simuzitsata. Sapatsirana kudzera m'malovu. Akagwa musamuike supuni m'kamwa, mugonekeni chammbali, muchotseni pafupi ndi moto. Asakawedze yekha pa Shire kapena kukwera bwato yekha pa Chilwa. Mankhwala alipo m'zipatala za boma, ndipo amagwira ntchito akamwedwa tsiku ndi tsiku osadukiza. Mtsikana amene akumwa mankhwala a khunyu akafuna kutenga pakati ayambe wakambirana ndi adokotala, chifukwa ena mwa mankhwalawa, makamaka sodium valproate, amaononga mwana m'mimba, koma kusiya yekha n'koopsanso. Ndipo mwana wotere musamutsekere m'nyumba. Pafupifupi theka la anthu a nthendayi nzeru zawo zili ngati za wina aliyense, ndipo ngakhale wochedwa kuphunzira ali ndi malo ake kusukulu.

Tibwerere ku impso. Ife okhala pafupi ndi Chilwa, Chiuta, Malombe ndi Shire tinazolowera kuona magazi mu mkodzo mpaka ena ankati ndi chizindikiro choti mnyamata wakula. Ameneyo ndi likodzo, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amagawidwa ngakhale m'sukulu. Nthawi zambiri magazi a mu mkodzo kuno ndi likodzo ndithu, imwani mankhwalawo. Koma kuzolowera kumeneku kumabisa matenda ena. Mukamwa mankhwala magazi osaleka, mukaona magazi oundana, mukamamva kupweteka kosatha m'nthiti chakumsana, kapena mukakhudza chinthu cholimba chammbali mwa mimba, musabwereze mankhwala a likodzo kachitatu. Pitani mukapemphe sikani. Makina ake ndi omwe aja amaunikira amayi oyembekezera: amakupakani mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsa kachipangizo pakhungu, osabaya, osapweteka. Chifukwa cha mafuta amene ali m'kati mwake, chotupa chimenechi chimaoneka chowala pa chithunzi. Njira yake mukuidziwa: kuyambira pachipatala chaching'ono cha kwanu, kupita ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo pakafunika akatswiri amakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre, komwe kuli makina ojambula mozama ndi madokotala a impso.

Pano ndiike chenjezo lalikulu, kuopa kuti wina angamve theka la nkhani yanga n'kukhala pansi. Si chotupa chilichonse cha mu impso chimene chili chofatsa. Mwana wosakwana zaka zisanu akatupa mimba mbali imodzi, polimba, osapweteka, musati ndi kapamba n'kuyamba kutema mphini. Ikhoza kukhala khansa ya impso ya ana yotchedwa Wilms, imene ku Queens amaiona kawirikawiri ndipo amaichiza, ana n'kuchira, akafika nawo msanga. Kusiyanitsa chotupa chofatsa ndi khansa si ntchito ya maso anu kapena a sing'anga. Ngakhale dokotala amayamba wajambula.

Akakupezani nacho chotupa chofatsachi, musathamangire kunena kuti achotse impso yonse kuti nkhani ithe. Kwa munthu wa chotupa chimodzi chaching'ono, kawirikawiri amangochiyang'anira, kujambula nthawi ndi nthawi kuti aone ngati chikukula. Kwa munthu wa nthenda yakumtunduyi, impso iliyonse ndi ya mtengo wapatali, chifukwa inzakeyo nayonso ili ndi zotupa kapena idzakhala nazo. Mlongo wanga anachotsedwa impso chifukwa panalibe nthawi, magazi ankatha. Akanadziwika kale, pakanakhala njira zina: kudula chotupa chokha n'kusiya impso, kapena kutseka mtsempha wodyetsa chotupacho, kumene akatswiri ake alipo. Kulinso mankhwala ochepetsa zotupazi. Gwero lake ndi dothi la pachilumba chakutali cha Rapa Nui, m'nyanja ya Pacific, momwe akatswiri anapeza tizilombo topanga mankhwala otchedwa sirolimus, amene amagwira ntchito yomwe ija ya kuuza selo kuti ileke kukula. Mbale wake wa mankhwalawa, everolimus, anavomerezedwa ku America mu 2012 kuti azithandiza zotupa za mu impso za nthendayi. Amafwetsa chotupa, koma ukasiya kumwa chimakulanso, ndipo ndi odula kwambiri kwa munthu wa kumudzi. Ndikukuuzani kuti mudziwe kuti alipo, ndi kuti ena mwa inu amene mudzaphunzire udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences mudzawamenyere nkhondo kuti afike kwa anthu athu.

Pakali pano chimene chili m'manja mwanu ndi kusamala impso zimene muli nazo. Impso zonse zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi, amene ali m'zipatala zazikulu monga Queens ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ochepa, ofuna kuti munthu azipitako sabata iliyonse moyo wake wonse. Munthu wa ku Nayuchi kapena ku Utale angakwanitse bwanji? Ndiye yezetsani BP chaka chilichonse ngakhale muli achinyamata, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumamaliza impso yodwala kale. Chepetsani mchere. Fodya musiyeni. Ndipo lekani chizolowezi chogula bulufeni ndi indosidi pagolosale n'kumameza ngati mtedza mukamva msana pochoka kudimba. Mankhwala amenewa, akamwedwa kawirikawiri, amaononga impso, ndipo kwa munthu wa impso imodzi ndi adani enieni. Chimodzimodzi mabotolo a zitsamba ogulitsidwa pamsika, olonjeza kutsuka impso ndi kusungunula zotupa. Simudziwa zimene zili m'katimo, ndipo chilichonse chimene mwameza chimakathera ku impso yomweyo.

Ana anga aakazi, gawo ili ndi lanu. Zotupa zimenezi zimakonda kukula pa nthawi ya pakati, ndipo ngozi ya kuphulika imakwera. Ngati muli ndi zizindikiro ndatchulazi, kapena mayi anu, bambo anu, mchimwene kapena mchemwali wanu ali nazo, kajambulitseni impso musanatenge pakati. Mukayamba sikelo muwauze anamwino tsiku loyamba, alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mukachilire kuchipatala chachikulu kumene kuli magazi ndi chipinda cha opaleshoni. Pa za kulera nenaninso, chifukwa njira zina zili ndi mahomoni a estrogen amene sagwirizana ndi nthendayi, ndipo anamwino angakusankhireni ina. Amayi ena a nthendayi amadwalanso mapapo, kumabanika popanda chifukwa, ndiye mukayezedwa TB kangapo osaipeza, akumbutseni adokotala za nthenda yanu. Ndipo aliyense, mwamuna kapena mkazi, akamva kubaya kwadzidzidzi m'nthiti chakumsana, thukuta lozizira, chizungulire, zikhatho kuyera, ameneyo akutaya magazi m'kati ngakhale kunja sakuoneka. Musayambe mwaitana abusa, shehe kapena sing'anga kuti adzaone kunyumba. Mapemphero achitikire m'njira, galimoto ikuthamanga.

Kodi munthu wotere akwatire? Akwatire, akwatiwe, ngati wina aliyense. Mlongo wanga ali ndi ana amene sanatengere, ndipo lero ndi amene akumulimira. Chimene ndikukana ndi kulowa m'banja mnzako osadziwa. Muuzeni wokondedwa wanu musanapite kwa ankhoswe, mupite limodzi kwa dokotala akakufotokozereni za theka ndi theka lija, mugwirizane za ana muli ndi maso otsegula. Amene angakuthaweni chifukwa mwanena zoona akanadzakuthawanibe tsiku lodwala mwana, ndipo bola athawe lero musanamangire nyumba pakhomo pa amayi anu. Inu anyamata amene mukupita ku Joni, kukakwatira kumeneko anthu osadziwa kwanu, nkhani imeneyi mupite nayo. Mukadwala ku Johannesburg kapena ku Durban, dokotala wa kumeneko sadzakhala ndi amalume anu oti awafunse.

Safunsa anadya phula. Agogo anu akadali moyo afunseni, a kuchikazi ndi a kuchimuna omwe: ndani ankagwa khunyu, ndani anamwalira mwadzidzidzi ali ndi pakati, ndani anatupa miyendo ndi nkhope mkodzo n'kuleka, ndani anali ndi timatuza tosatha pankhope. Poyamba adzakana, adzati za akufa sitikamba. Afunseni mwaulemu, muwauze kuti mukufunsira ana anu. Zimene akuuzeni mulembe patsamba lomaliza la buku lanu la kuchipatala, pamodzi ndi dzina la nthenda ngati dokotala analitchulapo, ndipo buku limenelo musalitaye likadzaza, mulisokerere ku latsopano. Ngati pakhomo panu pali mwana wa khunyu amene alinso ndi mawanga oyera, kapena wachinyamata wa timatuza tosatha pankhope, musadikire kuti adwale. Mutengeni mwezi uno, mupite naye ku Liwonde kapena ku Balaka, mukawaonetse adokotala khungu lake, ndipo mukapemphe kuti amujambule impso zonse ziwiri.